Boston itagwetsa New York ndinasowa womuuza

Tonse kuno kumalire tikudziwa mmene mudzi umakhalira Bullets ikakumana ndi Wanderers ku Blantyre. Mawailesi amatuluka m'nyumba, amuna amaunjikana pansi pa mtengo, ndipo kukada ena amadya nsima mokondwa pamene ena amangoti mutu ukuwawa. Lero ndikufuna ndikusimbireni za chimwemwe cha mtundu womwewo, koma cha masewero ena amene ambiri a inu simunawaonepo, otchedwa baseball. Nkhaniyi ndi ya 2004, chaka chimene timu yanga ya Boston Red Sox inagonjetsa adani ake a New York Yankees ku America kumapeto kwa nyengo ya masewero.

Mwina mukudabwa kuti munthu wa ku Angónia, wokulira pa chimanga ndi mbatatesi, anazitola kuti zimenezi. Kuyambira 1977 boma la Samora Machel linagwirizana ndi la Fidel Castro kutumiza ana a Mozambiki kukaphunzira ku Cuba, pa chilumba cha Isla de la Juventud. Ine ndinali m'gulu la amene anapita m'zaka za m'ma 1980. Theka la tsiku tinkakhala m'kalasi, theka lina m'minda ya zipatso za mtundu wa malalanje. Tinapita ndi mpira wamiyendo m'mitima mwathu, koma eni dziko sankaulabadira kwenikweni. Awo anali baseball, amene amangomutchula kuti pelota, ndiye kuti mpira, ngati kuti padziko palibenso mpira wina. Aphunzitsi, ophika, oyendetsa mathirakitala, onse mkangano wawo unali wa pelota, ndipo mwana wokhala pakati pa anthu otere sachedwa kutengera.

Masewerowo amayenda chonchi. Timu iliyonse imalowetsa anthu 9. Timu ina imabalalika pabwalo kulonda, ina imabwera mmodzimmodzi ndi chibonga. Woponya amaima pakati n'kuponya kampira kolimba gwa, kakakulu ngati lalanje, ndipo womenya akakamenya amathamanga kuzungulira ngodya zinayi. Akabwerera pamene anayambira, chimenecho ndicho chigoli. Akaphonya katatu, kapena mpira wake ukawakhidwa m'mwamba, kapena mpira ukafika pa ngodya iye asanafikepo, ndiye kuti watuluka. Akatuluka atatu matimu amasinthana, mpaka magawo 9 atakwana. Chachikulu nchakuti wotchi yothetsa masewero palibe. Mu mpira wamiyendo amene akutsogola amagona pansi, amadzigudubuza, amakankhira mpira m'chimanga kuti nthawi ithe. Mu baseball kothawira kulibe. Uyenera kutulutsa anthu 27, ndipo aliyense wa iwo uyenera kumuponyera mpira ndi dzanja lako kuti nayenso ayese mwayi wake.

Ku chilumba kuja ndinali ndi mnzanga wa ku Tsangano amene tinkagona naye chipinda chimodzi. Iyeyo mtima wake unali pa opambana basi, choncho anasankha Industriales, timu ya mumzinda wa Havana yovala zobiriwira ngati kumwamba, imene anthu a m'zigawo zina ankadana nayo chifukwa cha matama. Ine ndinkachemerera aliyense wokumana nayo. Mu 1986, Agustín Marquetti wa Industriales atamenya mpira kunja kwa mpanda n'kulanda chikho m'manja mwa Vegueros, mnzangayo anandivinira pamutu pa bedi usiku wonse. Chipongwe chathu chinayambira pomwepo.

Titabwerera kuno tonse tinapeza ntchito mumzinda wa Tete, ndipo kwa zaka zambiri za pelota tinkangozikumbukira pakamwa. Kenaka mu Disembala 1997 woponya wotchuka wa Industriales, Orlando Hernández, amene ankamutcha El Duque, anathawa ku Cuba pa bwato, ndipo mu 1998 anayamba kuponyera New York Yankees. Mnzanga anamutsatira. Yankees inatenga chikho cha World Series mu 1998, 1999 ndi 2000, n'kukwanitsa zikho 26. Ine ndinafunsa funso limodzi lokha: kodi amene amadana kwambiri ndi New York ndani? Yankho linali Boston, ndipo ndinakhala wa Boston tsiku lomwelo.

Ndinali nditalowa m'banja la anamfedwa. Boston inatenga chikho mu 1918, kenaka inagulitsa katswiri wake Babe Ruth ku Yankees komweko, ndipo kuyambira pamenepo chikho sichinapondenso ku Boston, mpaka anthu anayamba kunena kuti timuyo ili ndi tsoka la Ruth. Mu 1978 matimu awiriwa anamaliza nyengo ali ofanana, nasewera masewero amodzi olekanitsa, Yankees n'kupambana 5 kwa 4. Mu 2003 anakumananso kulimbirana malo a ku World Series, ndipo pa masewero omaliza Aaron Boone wa New York anamenya mpira kunja kwa mpanda m'gawo la 11. Mmawa umenewo mnzanga anabwera kuntchito kwanga atavala nkhope ya maliro, nandigwira chanza pamaso pa anthu, amvekere: "Achimwene, pepani, tamva zovutazo. Mwambo uyamba nthawi yanji?"

Nyengo ya baseball ku America ndi yaitali. Timu iliyonse imasewera masewero 162 kuyambira cha m'ma Epulo mpaka kumapeto kwa Seputembala, ndipo Okutobala ndi wa matimu ochita bwino okhaokha. Mu 2004 New York inapambana 101, Boston 98, ndipo anakumananso pakhomo lomwe lija lolowera ku World Series: woyamba kupambana kanayi ndiye wadutsa. Ife tinali titapangana ndi mwini baraka ina yokhala ndi kanema wa mbale yapadenga kuti azitisiyira kiyi. Kuno tili patsogolo ndi maola 6 pa mwezi umenewo, choncho masewero oyamba madzulo ku America ife tinkawaonera cha m'ma 2 koloko usiku, anthu awiri okha, thukuta la Okutobala wa ku Tete lili kamukamu.

New York inapambana koyamba, kachiwiri, kachitatu. Kachitatuko zigoli zinali 19 kwa 8, pabwalo la Boston lenileni, Fenway Park. Mpaka nthawi imeneyo panalibe timu m'mbiri ya mpikisanowu imene inagonjapo katatu kotsatizana chonchi n'kudzukanso. Mnzanga anandifunsa ngati kunali kofunika kuti tivutikenso kudzuka usiku wotsatira. Ndinamuuza kuti maliro salira asanatsikire m'manda.

Usiku wa pa 17 Okutobala, El Duque yemwe uja ndiye anayamba kuponyera New York. Pofika gawo la 9 Yankees inkatsogola 4 kwa 3, ndipo mpira unali m'manja mwa Mariano Rivera wa ku Panama, munthu amene ntchito yake inali kutseka chitseko. Kunatsala kutulutsa anthu atatu okha. Ukanakhala mpira wamiyendo, bwenzi akungotaya nthawi. Koma Rivera anayenera kuponya. Anaponya mopatuka kanayi kwa Kevin Millar, ndipo lamulo limati womenya wotero apite pa ngodya yoyamba ulere. M'malo mwa Millar analowetsa Dave Roberts, munthu waliwiro. Bwalo lonse linkadziwa kuti Roberts athamangira ngodya yachiwiri mpira usanamenyedwe, zimene amati kuba, ndipo Rivera naye ankadziwa. Roberts anathamangabe, nafika ndi dzanja mpira utangotsala pang'onong'ono kumupeza. Bill Mueller anamenya, Roberts nazungulira: 4 kwa 4. M'gawo la 12, David Ortiz wa ku Dominican Republic anamenya mpira kunja kwa mpanda, 6 kwa 4. Kuno inali itadutsa 7 koloko mmawa, ana akupita ku sukulu.

Mnzanga anangoseka, nati ngakhale nkhuku yodulidwa mutu imaphupha. Koma tsiku lotsatira anasewera magawo 14, pafupifupi maola 6, ndipo Ortiz yemweyo anamaliza nkhani, 5 kwa 4. Kachisanu ndi chimodzi, ku New York, Curt Schilling anaponya madokotala atamusoka pa kakolo, magazi akuonekera pa sokosi, Boston n'kupambana 4 kwa 2. Apa mnzanga anasiya kuseka. Pa 20 Okutobala, pabwalo la Yankees, Johnny Damon anamenya mpira kunja kwa mpanda anzake atatu ali pa ngodya, zigoli zinayi nthawi imodzi, ndipo masewero anatha 10 kwa 3.

Kwa chaka chathunthu ndinali nditasunga mawu oti ndidzanene pa tsiku ngati limeneli, ndipo gule wake ndinali nditamukonzeratu. Koma womenya womaliza atatuluka, nditatembenuka, mpando wa mnzanga unali wopanda munthu. Anali atazemba mwakachetechete, kiyi atandisiyira patebulo. Ndinatuluka kunja kukucha, mtima uli dididi, ndikufuna munthu woti ndimuuze. Ndinauza mlonda wa sitolo yoyandikana nayo kuti tawagwetsa a New York, iye nandifunsa ngati ku America kwayamba nkhondo. Ndinauza mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi mlatho wa Zambezi, iwo amvekere: "Zikomo bambo, ndiye mugula angati?" Kuntchito anandifunsa kuti wagoletsa ndani, ndipo nditayamba kufotokoza za ngodya zinayi, mmodzimmodzi anakumbukira kuti ali ndi zochita. Mumzinda wonse wa Tete, munthu amene ndinkamudziwa kuti angamvetse kulemera kwa zimene zinachitika usiku umenewo anali mmodzi yekha, ndipo anali wogonjayo.

Masiku awiri ndinayenda ndi chimwemwe changa ngati munthu wonyamula nsima yotentha wopanda ndiwo. Tsiku lachitatu madzulo ndinamva odi pakhomo. Anali iye, tambala ali m'khwapa. Anapereka tambalayo kwa mayi a kunyumba, nakhala pa mpando, navula chipewa, nati: "Achimwene, ndabwera kudzalipira. Yambirani pa Roberts, musadumphe kanthu." Ndinasimba zonse, gawo ndi gawo, ndikuimirira kusonyeza mmene Roberts anagwera pa ngodya. Iye ankandikonza ndikakokomeza, nanditsutsa kuti Rivera anali atatopa, nagwira kumutu pamene panayenera kugwira kumutu. Gule uja ndinavina usiku umenewo, iye akuwomba m'manja monyinyirika, ana akutiyang'ana ngati tapenga. Kupambana kwa Boston kunandifika pamtima tsiku limenelo.

Pa 27 Okutobala Boston inamaliza kugonjetsa St. Louis Cardinals kanayi kotsatizana, n'kutenga chikho patapita zaka 86. Inatenganso mu 2007, 2013 ndi 2018. Zonsezo ndinakondwera nazo, koma palibe chimene chinafika pa chija cha New York. St. Louis sinandilakwirepo kanthu, ndipo ndinalibe mnzanga wa St. Louis woti abwere ndi tambala. Mu 2009 Yankees itatenga chikho cha 27, ndinapita ndine kwa iye, nkhuku ili m'manja, ndipo ndinakhala pansi n'kumvetsera mpaka anamaliza. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwathu kuno tili ndi chibale cha chisuweni. Msuweni wako umamunyoza pagulu, umamulanda chipewa, umamunena kuti kwawo sadziwa kulima, iye nakubwezera, ndipo palibe wopita kwa amfumu. Koma tsiku la zovuta ndi yemweyo amene amafika msanga. Ine ndimaona kuti timu yodana nayo ndi msuweni wa timu yako. Boston ikanagonjetsa timu yofooka, kapena ikanagonjetsa New York mu Meyi pamene masewero otsala ali ambirimbiri, bwenzi lero palibe akukumbukira. Chinakometsa zonse ndi kukula kwa mdaniyo, zaka zimene anatisautsa, ndi kuti linali tsiku lopanda mawa.

Ndikunena izi chifukwa cha zimene ndimaona pa mabwalo athu a m'midzi nthawi ya chilimwe, tikatha kukolola. Timu ya mudzi wina ikabwera n'kugonja, anyamata amaiperekeza ndi miyala mpaka kumtsinje. Ikapambana, woimbira amathawira m'nyumba ya mphunzitsi. Chaka chotsatira alendowo amakana kubwera, ndipo opambana aja amatsala ndi mpira wawo, akusewera okhaokha, akulu ndi ana. Anyamata inu, mukawapirikitsa anzanuwo, mudzamugonjetsanso ndani, nanga mudzamusimbira ndani? Agonjetseni pabwalo, aimbireni nyimbo zowaseka mmene mungathere, koma apatseni madzi akumwa ndipo muwauze tsiku limene mudzapite kwawo.

Lero ine ndinapuma ntchito, ndili kuno kufupi ndi Ulongwe, ndipo mnzanga anatsala ku Tete. Zotsatira za masewero timazionera pa foni. Dave Roberts uja anadzakhala mphunzitsi wa Los Angeles Dodgers, ndipo mu 2024 timu yakeyo inagonjetsa Yankees mu World Series. Mmawa wake ndinamuimbira mnzanga kumufunsa ngati dzina la Roberts akulikumbukira. Anadula foni. Patapita mphindi zochepa anaimbanso yekha, nati ndiyambe kusimba.