Buku Lopanda Mathero

Pali anthu ena amene timawadziwa bwino ngakhale kuti sitidagwiranepo nawo chanza. Anthu amenewa ndi a m'mabuku. Mlembi amawaumba ndi mawu monga mmene mayi aumbira mbiya ndi dothi, koma akangolowa mumtima mwa mwana wowerenga satulukamo msanga. Nkhani ino ndi ya mtsikana wina wa ku Mwanza amene adakonda munthu wotere, ndiponso ya agogo ake amene adadana naye munthu yemweyo.

Boma la Mwanza lili kumadzulo kwa Blantyre, kumalire a dziko lathu ndi Mozambique. Ndi dera la mapiri ndi manachesi. Msewu waukulu wochokera ku Blantyre umadutsa paboma, nuwoloka malire pa Zobue kupita ku Tete mpaka ku Harare. M'chaka cha 1987, pamene zimene tikusimbazi zidachitika, Neno adali akadali mbali ya Mwanza, pakuti maboma awiriwa adagawidwa mu 2003. Ku Mozambique kudali nkhondo, ndipo magalimoto a katundu ankayenda mumdipiti moperekezedwa ndi asilikali.

Mtsikanayo adali wa zaka 14, ndipo ankaphunzira Sitandade 7 pa sukulu ina ya m'dera la Mfumu Kanduku. Iye ankagona m'nyumba ya agogo ake aakazi kuti aziwatungira madzi ndi kuwasonkhera moto. Pasukulupo padali kabati imodzi ya mabuku a nthano, imene aphunzitsi ankatsekula Lachisanu lokha. Tsiku lina mtsikanayo adachedwa ndi kusesa, ndipo pofika pakabati adapeza anzake atasankha kale mabuku onse okongola. Lidatsala limodzi lokha, lopanda chikuto, lodyedwa ndi chiswe m'mbali. Pamwamba pa tsamba loyamba padalembedwa dzina lakuti Nthondo.

Buku limeneli ndi limodzi mwa mabuku akale kwambiri a nthano zazitali m'chinenero chathu. Adalemba ndi a Samuel Josiah Nthara, amene adabadwa mu 1905 ndipo adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Lidatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, umene udakonzedwa ndi bungwe lina la ku London. Chaka chotsatira, mu 1934, a T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi ndi kulitcha Man of Africa. Koma mtsikanayo sadadziwe zonsezi. Iye adangoona buku lonyansa limene anzake adalikana.

Madzulo a tsikulo adayatsa koloboyi nayamba kuwerenga mongoyesa. Posakhalitsa adaiwala kuti nsima ikuzizira. Nthondo sadali mwana wabwino konse. Adali wosamva ndiponso wakuba, ndipo ankasautsa anthu a m'mudzi mwake. Komabe mtsikanayo, amene sadayankhepo munthu wamkulu mwamwano chibadwire, adakopeka naye mtima. Adamuganizira nkhope, popeza m'bukumo mudalibe chithunzi chake. Adamupatsa msinkhu wautali, maso ochenjera ndi kachipsera pachipumi. Popita kudambo ankalankhula naye mumtima, kumudzudzula ndi kumukhululukira. Loweruka, ali pamsewu ndi dengu la manachesi, adabwezera munthu wina chenje chopitirira chifukwa maganizo ake adali kwa Nthondo.

Anzake atamva adamuseka kwambiri. Komatu aliyense wa iwo adali naye wake. Mtsikana wina ankalirira Sikusinja wa m'buku la a John Gwengwe lotchedwa Sikusinja ndi Gwenembe, nanena kuti mwamuna wofatsa ngati ameneyo ndiye woyenera kumuphikira. Anyamata ankatama Kalulu wa m'nthano chifukwa chopusitsa nyama zazikulu. Mchemwali wina wa ku sekondale, amene ankabwera patchuthi ndi timabuku tachingerezi totchedwa Pacesetters, ankangokamba za anyamata a m'mizinda ya Lagos ndi Nairobi, ovala masuti ndi oyendetsa magalimoto. Aliyense ankaona kuti wake ndiye wopambana, ndipo mkangano wake sunkatha mpaka belu litalira.

Zoterezi si zachilendo, ndipo si za ana okha ayi. Ku England mlembi wina, Arthur Conan Doyle, adatopa ndi kulemba za munthu wofufuza milandu wa m'nthano zake, Sherlock Holmes, ndipo mu 1893 adalemba nthano yomupha. Owerenga adakwiya ngati kuti wafa ndi mbale wawo, mwakuti mu 1903 mlembiyo adalemba nthano ina yoonetsa kuti Holmes sadafe. Munthu wa m'buku alibe thupi, koma chisoni ndi chikondi chimene amadzutsa mwa ife ndi chenicheni.

Agogo a mtsikanayo sankadziwa kuwerenga. Usiku wachitatu adafunsa kuti, "Kodi iwe mdzukulu wanga, ukuseka ndi yani m'mapepalamo? Tawerenga mokweza, nanenso ndimve."

Mtsikanayo adayambiranso pachiyambi. Agogowo ankamvetsera akusenda nandolo, ndipo Nthondo akachita choipa ankati, "Mwana uyu ngosalangika! Akadakhala wanga ndikadamuthyolera mkwapulo."

"Koma agogo, mtima wake si woipa," adatero mtsikanayo.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," adayankha agogowo. "Anyamata otere amakoma m'kamwa mokha. Ine ndikuwadziwa."

Adawerenga chomwecho usiku ndi usiku mpaka adafika pamene Nthondo adachoka kwawo kupita kutali kukafuna ntchito. Apo agogo aja adaleka kusenda nandolo. Sadatukwanenso. Adangokhala chete, maso ali kukhomo.

Mtsikanayo adadziwa chifukwa chake, pakuti nkhaniyi idali yodziwika m'mudzimo ngakhale kuti sinkakambidwa. Kale, mlatho wa pa Zambezi ku Tete usadamangidwe, amuna ambiri a dziko lino ankadzera njira ya ku Mwanza pa ulendo wa pansi wokafuna ntchito m'minda ya fodya ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ena ankabwerako ndi njinga, masutikesi ndi mabulangete. Ena sankabwerako konse, ndipo otere ankatchedwa matchona. Amuna awo a agogowo adali mmodzi wa iwo. Adachoka mkazi wawo ali ndi mwana kumsana, nalonjeza kuti adzabwera mvula ikagwa kawiri. Adatumiza kalata imodzi yokha, ndipo kuyambira pamenepo kudangoti zii.

"Pitiriza," adatero agogowo motsitsa mawu. "Kodi adabwerera kwawo?"

Mtsikanayo adatembenuza masamba otsala, ndipo mtima wake udagunda. Bukulo lidathera pakati pa chiganizo. Masamba akumapeto adali atathothoka kalekale, mwina wina adakulungira fodya kapena kuyatsira moto.

Usiku umenewo onse awiri sadagone bwino. Mtsikanayo ankaopa kuti mwina Nthondo wake adafera m'ndende. Agogowo sadanene chimene ankaopa, koma m'mawa adafunsanso kuti, "Kodi aphunzitsi ako sangadziwe kumene mwana uja adathera?"

Aphunzitsi a kalasi lake adati adawerenga bukulo kale ndipo akhoza kumuuza mathero ake. Mtsikanayo adakana mwaulemu. Iye adafuna kumva mawu a m'buku mwenimwenimo, pakuti nkhani yongouzidwa ili ngati nzimbe yotafunidwa kale ndi wina. Aphunzitsiwo adamwetulira, namuuza za mkulu wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi amene ankakhala cha kufupi ndi mapiri a Thambani, ndipo ankasunga mabuku akale m'bokosi lachitsulo.

Loweruka lotsatira mtsikanayo sadapite kumsewu. Agogo ake adasankha okha manachesi akuluakulu, nawaika m'dengu kuti akhale mphatso, ngakhale kuti ndalama yake ikadagula sopo ndi mchere. Adalawira m'bandakucha pamodzi ndi mlongo wake wamng'ono, kunja kukuzizira, ndipo adafika dzuwa lili pamutu. Adagwada pakhomo nati, "Odi, agogo aphunzitsi! Tabwera kudzapempha mathero a Nthondo."

Mkuluyo adaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, pakhomo pano anthu amabwera kudzapempha mchere ndi fodya. Wopempha mathero ndiwe woyamba."

Adatulutsa buku lachikasu ndi ukalamba, la kalembedwe kakale kamene kankalemba c pamene ife timalemba ch. Sadalole kuti lichoke pakhomopo. Motero mtsikanayo adakhala pakhonde, nakopera masamba onse osowawo m'kope lake mpaka zala zidauma. Adagona komweko, natsiriza m'mawa mwake.

Atabwerera kwawo adapeza agogo ake atagula kale palafini. Adawerenga pang'onopang'ono. Nthondo adabwerera kwawo. Adalowa ufumu, natembenuka mtima, nakhala munthu wina wosiyana ndi mnyamata wosamva uja.

Apa padachitika chodabwitsa. Mtsikanayo, amene adayenda ulendo wonsewo, adamva ngati wataya kanthu. Iye adakonda mnyamata wa maso ochenjera, ndipo mfumu yodekhayi idali ngati mlendo kwa iye. Koma agogo aja, amene adatukwana Nthondo kuyambira tsamba loyamba, misozi idali mbwembwembwe m'masaya.

"Wabwera," adatero. "Ngakhale adachedwa, wabwera. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Tawerenganso pamene akufika pamudzi paja."

Mtsikanayo adawerenganso, ndipo adawerenganso kachitatu. Pamene ankatero adazindikira chinthu chimene sadachiphunzire m'kalasi. Buku lidali limodzi, koma a Nthondo adali awiri. Wake adali ufulu umene iye, mwana womvera wotunga madzi, ankaulakalaka mobisa. Wa agogo ake adali mwamuna amene adamudikira zaka zoposa 30. Aliyense adatunga m'bukumo chimene mtima wake udali nacho ludzu.

Nchifukwa chake si bwino kuseka mnzathu amene wakonda munthu wa m'buku. Chofunika ndi kumufunsa chimene wamukondera, pakuti yankho lake limaulula za iye mwini. Ndi bwinonso kuwerenga mpaka kumapeto tisanagamule. Agogo aja adaweruza Nthondo msanga namutaya, mdzukulu wawo adamukonda msanga osaona kumene kusamvera kukadamufikitsa. Masamba otsiriza adawaphunzitsa onse awiri. M'buku munthu akhoza kukonda wolakwika popanda kupwetekeka, ndipo nzeru imene apeza pamenepo imamuthandiza tsiku limene adzasankhe bwenzi la thupi ndi magazi.

Amuna awo a agogowo sadabwere. Nkhondo ya ku Mozambique idatha mu 1992, msewu wa ku Tete udatseguka bwino, mabasi a ku Harare adayamba kudutsa usana ndi usiku, koma palibe imene idatsitsa nkhalamba yofunsa njira ya kumudzi kuja. Agogowo adamwalira akudikirabe. Komabe pa zaka zawo zotsiriza, mvula ikamagwa usiku, ankaitana mdzukulu wawo nati, "Tatenga kope lija, timve mmene adafikira."

Lachisanu lobweza buku lisadafike, mtsikanayo adakoperanso masamba aja kachiwiri pa mapepala oyera. Adapempha singano ndi ulusi kwa agogo ake, nawasokerera kumapeto kwa buku la sukulu lija. Adalikutira ndi pepala lolimba la thumba la simenti, nalemba dzina la buku ndi la mlembi pamwamba. Sabata yotsatira buku limene onse ankalikana lidayamba kulimbiranidwa, ndipo woyamba kulitenga adali mtsikana uja wokonda Sikusinja.

Mafunso

1. Kodi buku la Nthondo adalemba ndani, ndipo lidatuluka chaka chiti?
2. Nchifukwa chiyani agogo adakhala chete atamva kuti Nthondo wapita kutali?
3. Kodi matchona ndi anthu otani?
4. Nchifukwa chiyani mtsikanayo adakana kuti aphunzitsi ake angomuuza mathero a nkhani?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."
6. Tchulani njira ziwiri zosamalira mabuku a pasukulu panu.
7. Lembani ndime ziwiri zofotokoza munthu wa m'buku kapena wa m'nthano amene inu mumamukonda, ndipo perekani zifukwa zake.