Galu m'kaundula wa kompyuta

M'malamulo a Chichewa galu ndi munthu amagona nyumba imodzi. Timati "munthu wabwera", timatinso "galu wabwera". Akachuluka, anthu ndi agalu omwe "abwera". Mphaka ali m'gulu lomweli. Koma mbuzi, nkhuku ndi ng'ombe tinaziika kwina: "yabwera", "zabwera". Ophunzira anga ndimawachenjeza kuti asamangepo chiphunzitso chachikulu, pakuti kalulu ndi nyalugwe nawonso ali m'nyumba ya munthuyo. Komabe mfundoyi inandibwerera nditayamba kulingalira za pulogalamu ya pakompyuta imene zipatala za ziweto zimayendetsera ntchito zawo, monga chimene ndimapitako ndi galu wathu kuno ku Sydenham, mumzinda wa Durban.

Pulogalamuyi ili ndi malamulo ake a chiyankhulo, ndipo imamuona galu ngati wodwala wokhala ndi mbiri yakeyake. Imafuna dzina lake, mtundu wake, tsiku lobadwa, kulemera kwake, ndi nambala ya kachipangizo kofanana ndi njere ya mpunga kamene amakalowetsa pansi pa khungu. Dokotala akalemba mankhwala, kompyuta imachotsera pa omwe atsala mosungira, imawonkhetsa ndalama zoti zilipidwe, n'kusunga tsiku limene galuyo ayenera kubweranso. Tsikulo likayandikira, uthenga umafika pafoni ya mwini wake. Mwa ntchito zonsezi, yaikulu ndi imeneyi: kukumbukira m'malo mwa banja lotanganidwa.

Kukumbukirako si nkhani yocheza. Chigawo cha KwaZulu-Natal chalimbana ndi chiwewe kwa zaka zambiri, ndipo lamulo la matenda a ziweto la 1984 limakakamiza aliyense kubayitsa galu ndi mphaka: koyamba ali ndi miyezi itatu, kachiwiri chisanathe chaka, kenaka zaka zitatu zilizonse. Bungwe la WHO limayerekeza kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ndipo pafupifupi 40 mwa 100 aliwonse ndi ana. Zizindikiro zikangoonekera, palibenso mankhwala. Choncho kauthenga kapafoni kaja kamateteza mwana amene amasewera pabwalo kuposa mmene kamatetezera galu.

Pamene pandivutitsa maganizo ndi apa. Pulogalamuyi siidziwa galu wopanda "mwini". Chiweto chilichonse chimapachikidwa pa munthu mmodzi, wa adiresi imodzi ndi foni imodzi. Dzinalo kompyuta imalitenga ngati chizindikiro chongofufuzira. Kwathu dzina la galu linali uthenga: agogo akamaitana "Mumanena!" kapena "Adzatopa!" ankayankhula ndi anansi amiseche, galuyo ali mthenga chabe. Ndipo galu ankakhala wa pakhomo ponse, wodyetsedwa ndi aliyense wotsala ndi mkute.

Ambiri mwa abale athu ochokera kumudzi amene amachita lendi tizipinda ta kuseri kwa nyumba za m'dera lino akukhalabe moyo womwewo. Pabwalo pali galu wodziwika kwa onse, koma amene anabwera naye anasamuka, ndipo nambala yake ya foni inasintha. Galu wotere m'kaundula mulibe. Akakhalamo, uthenga wake umapita kwa munthu amene saliponso. Galu wa tonse amasanduka galu wopanda womukumbukira.

Ku Blantyre funso analitembenuza. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 ogwira ntchito, ena pamalo osonkhanira, ena khomo ndi khomo. Obayawo ankalemba pa pulogalamu ya pafoni malo amene galu aliyense wapezeka, mwakuti mapu ankaonetsa madera amene sanafikidwe. Cholinga chinali kufikira agalu 70 mwa 100 aliwonse, mlingo umene umadula njira ya matendawa. Kumeneko sanayambe ndi kufunsa kuti "galuyu ndi wa yani?" Anayamba ndi "galuyu ali kuti?"

Mapulogalamu awiriwa ndi othandiza onse, koma iliyonse imamva funso lake lokha. Ya kuchipatala imayembekeza mwini, ndipo pabwalo la anthu ambiri mwiniyo sabadwa yekha, achita kusankhidwa. Pakufunika kuti pabwalo lililonse pakhale munthu mmodzi wovomera kulembetsa dzina ndi foni yake, ndipo pamene akusamuka asiyire mnzake udindowo monga momwe amasiyira kiyi wa chipinda.