Kusema nthano pa thabwa la mlombwa

Ndimasema zitseko ndi zithunzi za pathabwa kuno ku Insaca, ndipo mtengo womwe ndimaukhulupirira ndi mlombwa: chiswe chimauopa, komanso ukauma bwino supindika. Ndimayamba ndi kasemasema, kenako tchizulo, sandipepala n'kudza pomaliza. Zimenezi mwana aliyense wakhama atha kuphunzira. Chovuta n'kusankha, chifukwa nthano imakambidwa usiku wonse pomwe thabwa limangolandira kanthawi kamodzi.

Pakhoma la chisakasa changa ndinamatapo chithunzi chochokera m'buku lakale. Ndi ntchito ya Marcantonio Raimondi wa ku Italy, yemwe cha m'ma 1510 anaigoba pa mkuwa potsata chojambula cha Raphael. Raimondi ankakumba timizere, inki n'kulowa m'timizeremo, pepala n'kutsindikizidwapo, moti chilichonse ankachigoba chotembenuza. Nkhani yake ndi ya Lucretia, mayi wa ku Roma yemwe anagwiriridwa ndi mwana wa mfumu Tarquinius, nadzipha atauza abale ake. Akuti imfayo ndiyo inakwiyitsa Aroma mpaka kuchotsa mafumu mu 509 Yesu asanabadwe. Raimondi sanaonetse magazi kapena khamu lokwiya. Mayiyo waima yekha, mpeni uli m'manja koma sunalowe. Ndikachiyang'ana mtima umandiwawa, ndimafuna kumugwira dzanja.

Nditapatsidwa ntchito ya chitseko chosonyeza nthano ya Kaphirintiwa, mwini wake ankafuna zonse zionekepo: mvula, mwamuna ndi mkazi akutsika ndi khasu, mtondo ndi lichero, mapazi awo pathanthwe la ku Dzalanyama, mpaka Chauta akukwera pa ulusi wa kangaude. Ndinati, "Bambo, mukaunjika zonsezi palibe chomwe chidzaoneke." Ndinasema mwamunayo atagwada akupekesa moto, kautsi kakuyamba kufuka, nyama zikadali pafupi naye. Mbuzi ndi galu akumuyang'ana, njovu yayamba kutembenuka. Nkhalango sinapse, koma wodziwa nthanoyo amaona kale kuti mtendere watha.

Utsiwo ndiwo unandidyera nthawi. Pamkuwa mmisiri amachita mdima pothinanitsa timizere, pomwe ine mthunzi wanga umadalira kuya kwa tchizulo ndi mbali yomwe dzuwa likuchokera. N'chifukwa chake ndisanayambe ntchito ndimapita kaye kukaona komwe khomo layang'ana. Chitseko cha kum'mawa ndimachisema mosazama, cha pakhonde lamdima ndimachikumba kwambiri.