AMISILI A MAWAILESI PA MSIKA WA KAPATA

Munthu wofika ku Chipata pa mseu wa Great East, atayenda makilomita oposa 500 kucokela ku Lusaka, amapeza mzinda wokhala m'cigwa pakati pa mapili. Akalowa mu msika wa Kapata ndi kupitilila ogulitsa nshawa ndi kapenta, amafika pa tumashopu twa amisili okonza mawailesi ndi mafoni. Pamenepo pamamveka fungo la mtovu wosungunuka, ndipo alimi ocokela ku midzi amadikila ndi mawailesi ao okulunga m'citenje.

Wailesi inazika mizu kalekale m'dziko lino. Mu 1949, kampani ya Ever Ready inayamba kupanga wailesi yochipa yochedwa Saucepan Special, yooneka ngati poto, imene inali kugulidwa mapaundi 5 ndi kuyendela batile.

Acinyamata ambili amene amaimilila pa tumashoputo amalakalaka luso limeneli, koma mmisili ali pa nchito sapeza mpata wofotokoza zonse. Apa ndi pamene buku limathandiza. Koma buku lolakwika limangotha ndalama za nshawa ndi kufooketsa mwana.

Buku loyenela woyamba limayamba ndi lamulo la Ohm, lofotokoza mgwilizano wa mavoti, maampu ndi maohm. Limakhala ndi zithunzi zoonetsa njila ya magetsi, ndipo limaphunzitsa kuwelenga mitundu ya pa resistor: cikasu, cofiilila ca violet ndi cakhofi ndiye maohm 470, okwanila kuyatsa kanyale ka LED pa batile ya mavoti 9. Lotele ndi Getting Started in Electronics la Forrest Mims, la mu 1983, lolembedwa ndi kujambulidwa pa manja. The Art of Electronics la Horowitz ndi Hill, la mu 1980, ndi lozama ndipo liyenela kudikila.

Makolo aonenso zaka za buku. Mabuku akale amaphunzitsa za mavalavu amene anasiyika, kapena za wailesi ya crystal yosafuna batile, imene sigwila nyumba za FM monga Breeze FM ya ku Chipata komweko. Coposa zonse, woyamba aphunzile ndi mabatile cabe, cifukwa magetsi a m'nyumba a mavoti 230 amapha.

Asanatulutse ndalama, wofika ku Chipata ayambe wafunsa ku laibulale ya boma, ndipo buku akalipeza akalionetse kwa mmisili wa pa Kapata.