Masekondi awiri, anthu makumi awiri

Ambiri amaonera mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 chifukwa cha madalaivala. Ine chimene chimandithera bandulo ndi kamphindi kaja galimoto imaima kuti aisinthe matayala. Mu 2023 ku Qatar, anyamata a timu ya McLaren anasintha matayala onse anayi a galimoto ya Lando Norris m'masekondi 1.80. Iwe ukuti uphethire kawiri, iwo amaliza kale, galimoto yapita.

Ukaionera pang'onopang'ono vidiyoyo m'pamene umaona chinsinsi chake. Pamakhala anthu pafupifupi 20. Tayala lililonse lili ndi anthu atatu: wina womasula ndi kumanga nati, wina wochotsa tayala lakutha, wina wolowetsa latsopano. Kutsogolo kuli wa jeke, kumbuyonso wa jeke. Palibe wofunsa mnzake kuti "ndigwire pati?" Ndipo bwana wamkulu wa timu sakhudza tayala ngakhale limodzi. Amakhala chapatali atavala mahedifoni. Ntchito yake anaigwira kale: kusankha anthu, kuwagawira zochita, kuonetsetsa kuti ayeserera mpaka manja azolowera.

Izi ndimaziganizira kwambiri chifukwa ambiri mwa amene tinamaliza nawo ku yunivesite ntchito zamuofesi sanazione. Analowa geni. Wina saluni, wina kalesitilanti, wina kusindikiza matisheti. Mpamba wake ndi ngongole kapena ndalama ya achimwene, ndiye mantha amakhalapo. Manthawo amachititsa kuti mwini bizinesi azisunga yekha makiyi, foni yolandirira ndalama, buku la ngongole, ngakhale nambala ya kopikula katundu. Antchito alipo atatu, koma kasitomala akapempha kuti am'chotsereko pang'ono, yankho n'lakuti "dikirani abwana abwere." Abwanawo akapita kumaliro kumudzi masiku atatu, bizinesi nayonso ili pamaliro.

Tonse timadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Koma mitu khumi imene sikudziwa kolowera nalo dengalo imaligwetsanso. Kuchuluka kwa anthu si timu ayi.

Daniel Ricciardo anaziona ku Monaco mu 2016. Anayambira kutsogolo kwa onse, ndipo chipambano chinali m'manja. Atamuitana kuti adzasinthe matayala, anafika n'kupeza matayala kulibe. Akuluakulu a timu yake ya Red Bull anali atasintha maganizo mochedwa pa mtundu wa matayala oti amuikire, ndipo amene anasankhawo anali kumbuyo kwa galaja. Dziko lonse linaona amakaniko akuthamangathamanga, Lewis Hamilton n'kupambana. Pa TV ooneka osokonekera anali amakanikowo, koma vuto linayambira pamwamba. Kunonso zimatero. Bwana alonjeza kasitomala kuti keke yaukwati ipsa Lachisanu osauza wophika, kenako n'kukalipira wophikayo pamaso pa anthu.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti nzeru za m'galajazi zinafika mpaka kuchipatala. Madokotala a pa Great Ormond Street Hospital ku London, kumene amachita maopaleshoni a mtima kwa ana, anaona kuti nthawi yoopsa ndi pamene mwana akuchoka m'chipinda cha opaleshoni kupita kwa odwala mwakayakaya. Anthu ambiri, mapaipi ambiri, aliyense akulankhula. Anakaphunzira kwa timu ya Ferrari ku Italy, ndipo atabwerako anakonza zoti pazikhala munthu mmodzi wotsogolera, aliyense azidziwa chochita chake, ndipo zinthu zizitsatana mwadongosolo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2007 anaonetsa kuti zolakwika zinachepa. Ngati akatswiri a mtima anadzichepetsa kukafunsa nzeru kwa osintha matayala, ife a kashopu tinganyade chiyani?

Kunena zoona, kukhulupirira munthu ndi ndalama zako n'kovuta, ndipo amene anaberedwapo ndimawamvetsa. Koma matimu ajanso sakhulupirira mwachimbulimbuli. Chilichonse chimayezedwa, ndipo mpikisano ukatha dalaivala ndi mainjiniya amakhala pansi kukambirana pamene zinakhota. Kwa ife zimenezi ndi buku lolembedwa bwino, kuwerengera katundu limodzi madzulo, ndi kamsonkhano ka mphindi khumi komwe wantchito angathe kunena kuti "bwana, apa ndiye munatisokoneza" osaopa kuti mawa ntchito yatha.

Ndiye ngati muli ndi anthu awiri kapena asanu amene amakutchani bwana, yesani izi sabata ino. Lembani zinthu zimene zimaima mukachokapo. Sankhanipo chimodzi chokha, muphunzitse munthu mmodzi, muyeserere naye kangapo, ndipo mumuuze poyera malire ake. Kenako tsiku limene shopu yadzaza makasitomala, ikani manja m'thumba, mumusiye achite.