Mafizo a pa foni

Ntchito yathu ya mafizo ndi ya manja. Munthu wodwala sitiroko akaima, ndimamugwira m'chiuno n'kumva mwendo umene akuuthawa, ndipo bondo likafuna kupindika ndimadziwa mwini wake asanadziwe. Choncho nditayamba kuona odwala pa WhatsApp mu 2020, nthawi ya Covid-19, ndinkadziona ngati mmisiri amene akumanga nyumba ali kutsidya lina la mtsinje.

Mliri unadutsa koma foni sitinaisiye, chifukwa vuto lalikulu ndi mtunda. Malo ngati Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre ndi ochepa m'dziko muno. Munthu wa ku Neno kapena ku Nsanje amene wafa mbali imodzi ayenera kukwera kabaza, kenako minibasi, ali ndi womudwazika, thiransipoti ya anthu awiri. Amabwera kamodzi, kawiri, basi. Chonsecho miyezi itatu yoyambirira ndi imene ubongo umaphunzira msanga njira zatsopano, ndipo umaphunzira pobwereza tsiku ndi tsiku.

Sindiyamba ndi foni. Ulendo woyamba wodwala ayenera kubwera ndithu. Ndimamuyeza ndi Berg Balance Scale, mayeso a zochita 14 amene mapointi ake onse ndi 56. Ndimamuwerengeranso nthawi akamadzuka pampando, kuyenda mamita 3, kutembenuka n'kudzakhalanso pansi. Amene sangakhale yekha m'mphepete mwa bedi, kapena amene sazindikira n'komwe kuti mbali yakumanzere ilipo, sindimupatsa zoimirira pa foni.

Pa ulendo womwewo ndimaphunzitsa wodwazika, chifukwa manja anga amakhala iyeyo. Aime mbali yofooka, chakumbuyo pang'ono, atagwira chitenje chomangidwa m'chiuno mwa wodwala. Asakoke mkono wakufawo. Phewa la munthu wa sitiroko limakhala lolobodoka, likakokedwa limaguluka ndipo ululu wake suchedwa kumugwetsa mphwayi. Chovuta kwambiri ndi kuwaletsa chifundo. Mwana akaona mayi ake akudzandira amafuna kuwanyamula, ine n'kumakuwa pa foni kuti, "Achemwali, asiyeni amayi adzuke okha, inu mungokhala pafupi!" Amandiona ngati wouma mtima, koma mwendo wonyamulidwa suphunzira kanthu.

Foni nayo ili ndi pokhala pake. Aliyense amafuna kundionetsa nkhope, pamene ine ndikufuna mapazi. Amaitsamiritsa pa chidebe, patali ndithu, kuti munthu aoneke yense, dzuwa lili kumbuyo kwa foniyo. Netiweki ikavuta kapena bandulo ikachepa, amajambula vidiyo yaifupi n'kutumiza, ine ndimayankha ndi mawu madzulo.

Zochita zake n'zosavuta kufotokoza. Kudzuka pampando wolimba mapazi onse atatsika mofanana. Kuima pakona ya chipinda, mpando uli kutsogolo, n'kumasamutsa thupi kuchoka ku mwendo wina kupita ku unzake. Kutambasula dzanja kukatenga kapu yoikidwa patali pang'ono. Akalimba, kuponda pa njerwa ndi mwendo wabwino kuti wofookawo usenze thupi lonse.

Apa foni imaposa chipinda chathu cha mafizo. Kuchipatala pansi ndi posalala, pali zitsulo zogwirira mbali zonse, ndipo munthu amayenda mokondweretsa. Pa vidiyo ndimaona kumene amakhala: sitepe ya pakhonde, bwalo lokumbika ndi mvula, mphasa imene amagonapo, masilipasi amene amavuka pakati pa njira. Ndimaona njira ya kuchimbudzi, kumene ayenera kunyonyomala, chinthu chimene anthu amachita manyazi kuchitchula pamaso pa dokotala. Tikatero timakonza zochita zogwirizana ndi pakhomopo, nthawi zina n'kupempha akalipentala akhome mpando wobowola pakati ndi mtengo wogwirira.

BP siyezeka ndi maso. Ndimafuna wodwala azikayezetsa kuchipatala chaching'ono cha kwawo ndipo asadumphitse mankhwala, popeza sitiroko imatha kubwereza. Mukaona kukamwa kwapotoka mwadzidzidzi, mawu asokonekera, kapena mkono wina wafooka, musataye nthawi kundijambulira vidiyo. Pezani galimoto, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.