Ng'ombe youma ndi kabokosi ka pa kompyuta

Lolemba lina m'mwezi wa Okutobala ndinatsika sitima ya Gautrain pa Hatfield, maluwa a jakaranda atayala m'misewu ya Pretoria, mtima uli m'malo poganiza kuti ntchito yomwe ndinasiyira makina Lachisanu madzulo yatha. Nditafika pa desiki ndinapeza kuti mayeso asanu ndi awiri okha ndiwo anachitika. Ena mazanamazana anali pamzere, kudikira kabokosi kamodzi komwe kanati pulogalamu yasiya kugwira ntchito, ndipo kankafuna munthu woti adine batani.

Ntchito yanga ndi yoyesa mapulogalamu a kompyuta asanafike kwa anthu. Imene tinali nayo nthawi imeneyo inali yolembera mkaka womwe alimi amapereka ku gulu lawo ndi kuwerengetsa malipiro pakutha pa mwezi. Ine ndinakulira ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, komwe amayi ankalawirira mbandakucha ndi chigubu kupita kumalo oziziritsira mkaka. Choncho ndikudziwa zomwe zimachitika pakhomo malipiro akachedwa: sopo amatha, madeya a ng'ombe sagulidwa, mwana amabwezedwa kusukulu.

Poyesa sitikhala pansi n'kumadina mabatani tsiku lonse ayi. Timalemba pulogalamu ina yomwe imafunsa inzake mafunso motsatizana. Mlimi akapereka malita 12, alandira zingati? Nanga dzina likalembedwa kawiri? Chida chotchedwa Jenkins, chomwe chinatuluka mu 2011, ndicho chinkayendetsa mafunsowa usiku ife tili mtulo. Koma Windows, kuyambira mu 2001, ili ndi dongosolo lofotokoza za pulogalamu yomwe yagwa, ndipo makina athu ankatulutsa kabokosi kofunsa chochita. Kwa munthu amene wakhala pa kompyuta yake, umenewu ndi ulemu. Usiku wa Loweruka mu ofesi yotseka, zili ngati chigayo chomwe chatsamwa ndi chimanga chonyowa mwini wake atapita kumaliro: azimayi onse pamzere agona ndi matumba awo, ngakhale chimanga chawo chili chouma bwino.

Mankhwala ndinawapeza msanga, ndipo kufulumira kumeneku ndiko kunandipweteka. M'kaundula wa Windows muli malo otchedwa DontShowUI. Ukaikapo 1, kabokosi kaja sikatulukanso. Kwa milungu iwiri mayeso ankafika kumapeto usiku uliwonse, ine n'kumayenda mapewa m'mwamba.

Amene anandibweza anali mayi wina wachikulire wolankhula Chisepedi, yemwe anayamba ntchitoyi ine ndisanaone n'komwe kompyuta. Anayang'ana lipoti langa nthawi yaitali, kenaka anati: "Mwana wanga, kabokosi mwakachotsa, zikomo. Nanga amene ankagwa uja munamudzutsa liti?"

Ndinasowa chonena. Pulogalamu inkagwabe pa funso lomwe lija, koma tsopano inkafa mwakachetechete. Kalembera wanga ankangofufuza mawu osonyeza yankho lolakwika. Posapeza mawu alionse, ankalemba kuti zonse zili bwino. Ndinali nditatseka pakamwa wodwala n'kulengeza kuti wachira.

Tinakonza pamodzi masana amenewo. Pulogalamu iliyonse ikamatseka imasiya nambala: 0 ngati yamaliza mwamtendere, ina ngati yagwa. Tinalamula kuti nambala iliyonse yosakhala 0 ilembedwe ngati kulephera, mofiira. Tinatsegulanso malo otchedwa LocalDumps, omwe amasunga chithunzi cha zonse zomwe zinali m'mutu mwa pulogalamu pa nthawi yomwe inagwa, kuti m'mawa tisamalote. Koma chomwe ndinachikonda koposa ndi mlonda. Funso lililonse tinalipatsa nthawi yake. Ikakwana lisanayankhidwe, mlonda amalizimitsa, amalemba dzina lake, n'kuitana lotsatira. Mayi aja anandiuza kuti nzeru imeneyi si yatsopano. Chombo cha Mars Pathfinder chitatera pa Mars pa 4 Julaye 1997, kompyuta yake inkakakamira ntchito ina ikatsekereza inzake. Kumeneko kunalibe woti adine batani. Mlonda wa mtundu womwewu ndiye ankaiyambitsanso, mpaka akatswiri anapeza chifukwa chake n'kutumiza chokonzera kuchokera pansi pano.

M'mawa mwake mayeso onse anali atatha, limodzi lokha lili lofiira, chithunzi chake chili pambali. Titachitsegula tinaona kuti pulogalamu inkagawa mkaka wa mwezi wonse ndi chiwerengero cha masiku omwe mlimi anapereka, kuti ipeze mlingo wa pa tsiku. Mlimi amene sanapereke mkaka ngakhale tsiku limodzi anali ndi masiku 0, ndipo kugawa ndi 0 sikutheka. Pulogalamu inkafera pa dzina lakelo, ndipo alimi onse olembedwa pansi pake akanatsala osawerengeredwa malipiro.

Wolemba pulogalamuyo, mnyamata wobadwira mumzinda, anadabwa kuti mlimi angathe bwanji mwezi wathunthu osapereka kanthu. Ndinamufotokozera kuti ng'ombe ikatsala pafupifupi miyezi iwiri kuti ibereke, timasiya kuikama kuti ipume, ndipo alimi ambiri kwathu ali ndi ng'ombe imodzi yokha. Anakonza mzere umodzi. Funso limenelo tinalisiya pamndandanda wa usiku uliwonse, ndipo ndinalitcha Nabanda, dzina la ng'ombe ya amayi.